Shuga wa mu Mtengo wa Maapozi ndi Kapewedwe ka Matenda a Fire Blight

Matenda a fire blight, omwe amawaula maluwa ndi nthambi za maapozi mpaka kuoneka ngati zapsa ndi moto, amayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Erwinia amylovora, ndipo anaonekera koyamba m'chigwa cha Hudson ku New York cha m'ma 1780. Bakiteriyayu amadya shuga wa mtengowo, makamaka sorbitol, yemwe ndi shuga amene masamba a maapozi amapanga n'kumutumiza ku zipatso ndi ku nsonga, kenaka bakiteriyayo amatulutsa utomoni womata umene umatseka njira za madzi mu mtengo.

Ntchito ya mlimi imayambira pa maluwa. Timadzi totsekemera ta m'duwa tikakhala ndi shuga wambiri, monga zimakhalira kukauma, bakiteriya amalephera kuswana chifukwa shugayo amamukoka madzi m'thupi, koma mvula kapena mame zikasungunula timadzito, pomwe kutentha kwapitirira madigiri 18, amachulukana msanga n'kulowa mu mtengo. Nchifukwa chake sikoyenera kuthirira mowaza pamwamba pa mitengo maluwa akamasula, ndipo mankhwala a kopa amapoperedwa masamba akangoyamba kuphukira.

Feteleza wa nayitirojeni ndi amene alimi ambiri amalakwitsira. Akachuluka, mtengo umatulutsa mphukira zanthete zodzaza madzi, zomwe zimakoka shuga kuchokera m'masamba okhwima koma khungu lake lisanalimbe, ndipo mphukira zoterozo ndizo zimayamba kugwidwa. Kudulira kopitirira muyeso kumabweretsa vuto lomwelo, choncho mtengo uziduliridwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka m'nyengo yozizira.

Mphukira yogwidwa imadziwika msanga: nsonga yake imafota n'kupindika ngati ngowe, masamba amada koma osayoyoka, ndipo pa khungwa pamatuluka timadontho tomata tofiirira. Nthambi yotero idulidwe tsiku lopanda mvula, masentimita 30 kunsi kwa pomwe pakuthera kufiirira, popeza bakiteriya amakhala atapita kale patsogolo pa zizindikiro. Chodulira chiviikidwe mu sipiriti asanadule nthambi ina, ndipo zodulidwazo zitenthedwe.

Amene akubzala munda watsopano kumadera kumene matendawa alipo asankhe bwino tsinde lolumikizapo mbande, chifukwa tsinde la M.9 ndi M.26 limafa msanga likagwidwa, pomwe la Geneva 41, lopangidwa ku New York, limapirira.