Galimoto Yatsopano ndi MOT ku Britain: Mafunso ndi Mayankho

Amalawi ambiri amene akugwira ntchito ku Britain sachedwa kugula galimoto, makamaka amene amayenda khomo ndi khomo kusamalira odwala ndi okalamba. Kabuku kano kakuyankha zimene iwo amafunsa kawirikawiri zokhudza kuyezetsa galimoto m'dzikomo.

Kodi MOT n'chiyani?

Ndi kuyeza kumene lamulo limafuna pofuna kutsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, monga ilili COF kwathu ku Malawi. Kunayamba mu 1960, ndipo nthawi imeneyo ankangoyeza mabuleki, nyali ndi chiwongolero pa magalimoto amene atha zaka khumi. Zakazo zinatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka kufika pa zitatu mu 1967. Ku England, Scotland ndi Wales amayeza ndi magalaja ovomerezedwa ndi bungwe la boma la DVSA. Mumawadziwa ndi chikwangwani cha buluu chokhala ndi timatrayango titatu toyera.

Ndagula galimoto yatsopano. Ndikayezetse liti?

Ku England, Scotland ndi Wales galimoto yatsopano ya munthu wamba siyezedwa mpaka itakwanitsa zaka zitatu. Ikakwanitsa, imayezedwa chaka chilichonse. Ku Northern Ireland amadikira zaka zinayi, ndipo kumeneko amayeza ndi malo a boma a DVA, magalaja wamba saloledwa. Galimoto yoyendera magetsi imatsata lamulo lomweli, kungoti siyezedwa utsi.

Zaka zitatuzo zimayamba tsiku limene ndagula?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Zimawerengedwa kuyambira tsiku limene galimotoyo inalembetsedwa koyamba ku bungwe la boma la DVLA. Tsikulo lalembedwa m'buku la galimoto lotchedwa V5C. Ogulitsa magalimoto nthawi zina amalembetsa galimoto m'dzina la kampani yawo, n'kuisunga miyezi ingapo asanapeze wogula. Mukagula yotero, ngakhale ikununkhira utsopano, miyezi imeneyo yatha kale pa zaka zitatu zija. N'chimodzimodzinso mukagula galimoto imene wina waiyendetsa zaka ziwiri: kwakutsalirani chaka chimodzi basi. Kusintha kwa mwini sikuchititsa kuti zakazo ziyambirenso.

Kodi magalimoto onse amapatsidwa zaka zitatu?

Ayi. Matakisi, maambulansi ndi magalimoto okhala ndi mipando ya okwera yoposa isanu ndi itatu amayamba kuyezedwa akangotha chaka chimodzi, chifukwa amanyamula anthu ambiri komanso amayenda mitunda yaitali. Amene akufuna kuchita takisi afunsenso ku khonsolo ya dera lawo, poti makhonsolo amaika malamulo awo oonjezera. Palinso magalimoto akale kwambiri: kuyambira pa 20 May 2018, galimoto imene yapitirira zaka 40 siyezedwa ngati sinasinthidwe kwambiri m'zaka 30 zapitazo.

Ndiye kuti m'zaka zitatuzo palibe chodera nkhawa?

Chilipo. Lamulo lakukhululukirani kupita kokayezetsa kokha, koma udindo woti galimoto ikhale yabwino pamsewu ukadali wanu kuyambira tsiku loyamba. Tayala silidikira zaka zitatu kuti lithe. Munthu woyenda makomo khumi patsiku angathe kumaliza matayala akutsogolo MOT yoyamba isanafike. Lamulo limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya mamilimita 1.6 kapena kuposa, ndipo wapolisi akakupezani ndi tayala losalala safunsa zaka za galimoto. Kuyendetsa galimoto yoopsa kungakulipitseni chindapusa chofika mapaundi 2,500, mapointi atatu pa laisensi, mwinanso kuletsedwa kuyendetsa.

Musasokonezenso MOT ndi sevisi. Sevisi ndi ya kusintha oyilo, mafyuluta ndi zina motsatira nthawi imene opanga galimoto anaika. Lamulo silikukakamizani, koma mukaidumpha mukhoza kutaya chitsimikizo chimene kampani inakupatsani choti idzakonza mwaulere zowonongeka.

Amayeza chiyani?

Mabuleki, chiwongolero, masipuling'i ndi mashoko, matayala, nyali zonse, malamba, hutala, magalasi, mawaipa, nambala ya galimoto, utsi, komanso dzimbiri m'malo amene amagwira thupi la galimoto. Woyeza samasula chilichonse. Sayeza ngati injini, kalachi kapena giyabokosi zili bwino. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti galimoto yangokhoza MOT, musaganize kuti injini yake ndi yamoyo wautali. Pepalalo likungonena kuti tsiku loyezalo galimotoyo inakwanitsa zimene lamulo limafuna.

Zotsatira zake zimakhala zotani?

Kuyambira mu 2018 zovuta zimagawidwa patatu: zoopsa, zazikulu ndi zazing'ono. Galimoto ikapezeka ndi vuto loopsa kapena lalikulu, yalephera. Vuto laling'ono siliilepheretsa, koma mukonze msanga. Woyeza amalembanso malangizo pa zinthu zimene zayamba kutha. Ngati vutolo ndi loopsa, musaiyendetse galimotoyo kuchoka pagalajapo isanakonzedwe, ngakhale MOT yakale ikadali ndi masiku. Mukaisiya pomwepo kuti aikonze, n'kuiyezanso pasanathe masiku khumi ogwira ntchito, kuyeza kwachiwiriko n'kwaulere.

Ndi ndalama zingati, ndipo ndipite liti?

Galaja sililoledwa kulipiritsa koposa mapaundi 54.85 pa galimoto wamba, kapena 29.65 pa njinga yamoto. Ambiri amalipiritsa zocheperapo. Mukhoza kuyezetsa kutatsala mwezi umodzi, kuchotsapo tsiku limodzi, kuti MOT yanu ithe, ndipo simutaya masiku otsalawo. Ngati ikutha pa 15 June, mungayezetse kuyambira pa 16 May, chaka chamawa idzathabe pa 15 June. Kupita msanga kumakupatsani mpata wokonza ngati yalephera.

Nanga MOT ikatha ndisanayezetse?

Palibe masiku achisomo. Kuyendetsa popanda MOT kuli ndi chindapusa chofika mapaundi 1,000, ndipo makamera owerenga nambala amazindikira galimoto yotero mosavuta. Simungalipirenso msonkho wa galimoto, komanso a inshulansi akhoza kukuvutitsani mukachita ngozi. Mumaloledwa kuyendetsa pokhapokha mukupita kokayezetsa mutapangana kale tsiku ndi galaja, kapena kokakonzetsa.

Magalimoto a masiku ano ndi olimba. Bwanji osadikira zaka zinayi?

Boma linafunsapo anthu maganizo amenewa kawiri, mu 2017 ndi mu 2023, ndipo maulendo onse linasiya zaka zitatu momwemo. Otsutsa zodikira zaka zinayi ankanena kuti zimene zimalepheretsa magalimoto pa MOT yoyamba ndi matayala, nyali ndi mabuleki, zomwe zimatha malinga ndi mmene galimoto ikuyendera, kaya inapangidwa molimba chotani.

Ndingatani kuti ndisaiwale tsiku?

Mwini galimoto yatsopano ndiye amaiwala kwambiri, chifukwa alibe pepala la MOT lomukumbutsa. Lembani nambala ya galimoto yanu pa webusaiti ya boma ya GOV.UK, muona tsiku la MOT yoyamba, ndipo mungapemphe kuti azikutumizirani uthenga wa pafoni kapena imelo kwaulere. Pomwepo pamaonekanso mbiri ya MOT ya galimoto iliyonse ndi mitunda imene inali itayenda chaka ndi chaka, choncho muziona kaye pamenepo musanapereke ndalama kwa wogulitsa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito.