Alendo a ku Mfuwe

Mau atsopano: nkhalango, nyamalikiti, cipembere, msampha, ndowe

Werengani nkhani iyi.

Ine ndimakhala ku Mfuwe, m'boma la Mambwe. Mudzi wathu uli pafupi ndi mtsinje wa Luangwa. Kutsidya kwa mtsinjewu kuli nkhalango yosungiramo nyama ya South Luangwa.

Tsiku lina m'mawa, ambuya anabwera kucokera kumunda ali okwiya. Njovu zinali zitalowa m'munda usiku.

"Mayo ine! Cimanga canga catha!" anadandaula ambuya.

Madzulo kunabwera amalume. Iwo amagwira nchito yoonetsa alendo nyama m'nkhalango.

"Amalume, njovu zimatidyera cimanga. Nanga alendo amazikonderanji?" ndinafunsa.

"Khala pansi, mwanawe, ndikuuze," anatero amalume. "Alendo ena amacokera ku Lusaka. Ena amacokera kumaiko akutali kumene kulibe njovu zam'thengo. Ambiri amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe. Amabwera kwambiri m'cilimwe, pamene nyama zimasonkhana kumtsinje kudzamwa madzi."

"Amaona njovu cabe?"

"Iyayi! Amaona mikango, njati, mbidzi ndi anyalugwe. Mumtsinje amaona mvuu ndi ng'ona. Kulinso nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft. Ameneyu sapezeka kwina kulikonse, koma m'cigwa ca Luangwa cokha. Mu Seputembala ndi Okutobala, mbalame zofiira zimakumba zisa m'magombe a mtsinje. Alendo amazijambula mpaka dzuwa kulowa."

Amalume anati alendo ena amayenda pansi poona nyama. Munthu amene anachukitsa maulendo otere kuno ndi Norman Carr. Alendo sayenda okha. Amakhala ndi mlonda wa nyama wonyamula mfuti.

"Alendo amafunanso kudziwa miyambo yathu," anapitiriza amalume. "Ena amagona m'mudzi wa Kawaza. Kumeneko amadya nsima ndi kuvina pamodzi ndi eni mudzi. Ena amaonerera Malaila, mwambo wa Akunda, kwa Mfumu Nsefu. Mu Febuluwale, ena amapita ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kukaona Nc'wala. Uwu ndi mwambo wa Angoni, amene makolo ao anacokera ku South Africa."

"Nanga ife timapindulanji?" anafunsa ambuya, akali okwiya.

"Amama, malipiro anga amacokera kwa alendo omwewo. Ophika, oyendetsa galimoto, osema ziboliboli ndi olima ndiwo zamasamba, onse amapezapo ndalama. Nyama zikatha, alendo sadzabweranso. Kale kuno kunali zipembere. Anthu opha nyama mobisa anazitha zonse. Mwana uyu sanaonepo cipembere ngakhale cimodzi. Lero misampha ya waya ikuvulazanso nyama zina."

Ambuya anakhala cete pang'ono. Kenaka anati, "Ndamva. Koma cimanga canga ndani adzaciteteza?"

"Njovu zimadana ndi tsabola," anayankha amalume.

M'mawa mwace amalume anasakaniza tsabola wouma ndi ndowe za njovu. Anaumba timabuledi ndi kutiyanika padzuwa. Titauma, akuluakulu anatiyatsa m'mbali mwa munda usiku. Utsi wace unali woyabwa zedi. Ngakhale ambuya anayetsemula!

Usiku umenewo njovu zinadutsa patali. Ambuya anakondwa, koma sanaleke kulonda munda wao pamodzi ndi anzao.

Kumbukirani: Mukaona njovu, musaiyandikire ndipo musaiponye miyala. Cokanipo mwakacetecete, mukauze akuluakulu.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi nkhalango ya South Luangwa ili pafupi ndi mtsinje uti?
2. N'cifukwa ciani ambuya anakwiya?
3. Ndi nyama iti imene imapezeka m'cigwa ca Luangwa cokha?
4. Chulani miyambo iwiri imene alendo amaonerera.
5. Kodi zipembere zinatha bwanji?
6. Kodi amalume anateteza bwanji munda wa ambuya?

Nchito

(a) Lembani ziganizo zitatu pogwiritsa nchito mau awa: njovu, alendo, tsabola.
(b) Jambulani nyama imodzi imene mungakonde kuonetsa mlendo. Lembani dzina lace pansi.
(c) Kambiranani awiriawiri: Kodi mungacite ciani mutapeza msampha wa waya m'thengo?