Kodi kachilombo kangatsekereze msilikali kukwezedwa?

WOULUTSA: Makalata a sabata ino achokera kwa abale athu ovala yunifomu ndi mabanja awo, ndipo onse apempha kuti tisatchule mayina awo kapena kumene akugwira ntchito. Tilemekeza pempho limenelo. A loya athu afika kale. Mayi, ndiyambe ndi iyi. Akuti: "Ndine sajeni. Ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zambiri, sindinagonekedwepo m'chipatala, ndipo pothamanga m'mawa ndimasiya achinyamata m'mbuyo. Koma dzina langa likangolowa pa mndandanda wa opita kukosi, limafufutidwa. Anzanga amene tinalowa limodzi ntchito lero ndi mabwana anga. Bwana wina anandinong'oneza kuti vuto ndi fayilo yanga ya kuchipatala. Kodi malamulo amalola zimenezi?"

LOYA: Bambo sajeni, pepani kwambiri. Zimapweteka kuona mnzako amene munkadyera mbale imodzi kutirening'i akukwera, iwe uli pompo, popanda mlandu uliwonse. Malamulo salola. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho la mtundu uliwonse, ndipo gawo 31 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa. M'chaka cha 2005, bwalo la Industrial Relations Court, pa mlandu wa Banda ndi Lekha, linagamula kuti kuchotsa munthu ntchito chifukwa chopezeka ndi HIV ndi tsankho limene gawo 20 likuletsa, ngakhale mawu oti HIV sanalembedwemo. Kuwonjezera apo tili ndi lamulo la HIV ndi Edzi la 2018, limene likuletsa olemba ntchito kusala munthu chifukwa ali ndi kachilombo kapena akumuganizira kuti ali nako.

Koma tcherani khutu apa, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Lamulo la Employment Act silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kupatula anthu wamba olembedwa ntchito m'nthambi zimenezi. N'chifukwa chake mukapita ku ofesi ya leba akhoza kukubwezani, inu n'kuganiza kuti basi zathera pomwepo. Ayi. Malamulo aakulu a dziko savula munthu ufulu tsiku limene wavala yunifomu.

Chimene chikukupwetekani pakali pano ndi chakuti umboni wanu ndi mawu a kunong'oneza. Bwana uja mukadzamuitana pabwalo, adzakana kwamtuwagalu. Ndiye lembani kalata, yaulemu, yodutsa kwa akuluakulu anu monga mwa mwambo wa ntchito yanu, yopempha kuti akuuzeni zifukwa zimene akukuchotserani pa mndandandawo. Gawo 43 la malamulo aakulu likuti munthu amene chiganizo cha ofesi ya boma chamukhudza ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Sungani kope ya kalatayo kunyumba, osati mu lokala ya kuntchito. Sunganinso malipoti a momwe mumagwirira ntchito, zotsatira za mayeso olimbitsa thupi, ndi pepala la kuchipatala losonyeza kuti tizilombo tachepa m'magazi mwanu. Akakhala chete kapena akayankha zosamveka, kuli ofesi ya Ombudsman, kuli bungwe la Malawi Human Rights Commission, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya kuli Legal Aid Bureau. Musachedwe. Kupempha bwalo lalikulu kuti liunike chiganizo cha ofesi ya boma kumafunika kuchitika pasanathe miyezi itatu.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo amene anapuma usilikali, ndipo sakugwirizana ndi zoti msilikali wa HIV azikwezedwa. Akuti: "Inu a maufulu simudziwa nkhondo. Kutchire kulibe chipatala. Munthu wodalira mankhwala tsiku lililonse angatsogolere bwanji anzake ku DRC? Akavulala, magazi ake aika anzake pachiswe."

LOYA: Agogo, ndikukulemekezani, ndipo ndikudziwa kumene mawu anu akuchokera. M'badwo wanu unaona zoopsa. Munanyamula mabokosi a anzanu amene anali amphamvu ngati njati, nthawi imene mankhwala kunalibe. Koma boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira 2019 anthu ambiri akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir, mbulu umodzi patsiku. Amene akuyenda bwino amalandira a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Timabotolo timeneti timakwana m'thumba la m'mbali la chikwama cha msilikali, pafupi ndi mswachi ndi polishi. Kodi asilikali opita kumadera a malungo samwa mankhwala otchinjiriza? Kodi palibe mabwana aakulu omwe amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse? Palibe amawafunsa ngati angatsogolere.

Za magazi, wachipatala aliyense amaphunzitsidwa kugwira magazi a munthu wina aliyense mosamala, atavala magolovesi, chifukwa sadziwa zimene zili m'thupi mwa wovulalayo. Ndipo taganizani, agogo. Sajeni amene watilembera uja akudziwa mmene alili, akumwa mankhwala, tizilombo tagona. Mnzake amene akuthawa kuyezetsa poopa kutsekeredwa udindo, ameneyo ndiye angakhale ndi tizilombo tochuluka osadziwa. Tsankho ndi limene likumubisa.

Mtsutso wanuwu unamvekapo kale m'mabwalo a milandu. Ku Namibia, m'chaka cha 2000, bwalo linagamula pa mlandu wa Nanditume kuti kukana munthu kulowa usilikali chifukwa cha HIV yokha ndi tsankho, ndipo linati aunikidwe thanzi lake kuti zioneke ngati angathe ntchitoyo. Ku South Africa gulu lankhondo linali ndi ndondomeko yoti wa HIV asalembedwe ntchito, asatumizidwe kunja, asakwezedwe. Mu Meyi 2008 bwalo lalikulu ku Pretoria linati ndondomekoyo ikusemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Ngakhale ku America, mu 2022, woweruza Leonie Brinkema analetsa gulu lankhondo kukana kukweza kukhala ofesala msilikali wathanzi amene tizilombo sitikuonekanso m'magazi mwake. Mabwalo amenewa sananene kuti wodwala atumizidwe kunkhondo. Ine ndemwe sindinganene zimenezo. Wina akafooka, kaya ndi HIV, shuga kapena bondo lothyoka, dokotala amuone payekha, alembe zimene wapeza. Chimene ndikukana ndi kuweruza gulu lonse la anthu ndi zilembo zitatu.

WOULUTSA: Iyi ndi yaifupi. "Anatitenga magazi gulu lonse osatiuza kuti akuyeza chiyani. Patapita masiku, anthu anayamba kundiyang'ana mwachilendo ku kantini."

LOYA: Apa pali zolakwika ziwiri, kuyeza munthu osamupempha ndi kuulula zotsatira. Lamulo la 2018 lija likufuna kuti munthu avomere yekha kuyezedwa atafotokozeredwa, ndipo zotsatira zake ndi chinsinsi. Pamene bilu yake inkakambidwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2017, munali ndime zokakamiza magulu ena kuyezedwa, kuphatikizapo olowa ntchito za yunifomu, koma aphungu anazikana. Kwa anansi athu ku Zambia, asilikali awiri a Zambia Air Force, a Kingaipe ndi a Chookole, anayezedwa osauzidwa. Mu 2010 bwalo lalikulu ku Livingstone linati ufulu wawo unaphwanyidwa ndipo linalamula chipepeso, ngakhale silinavomere kuti anachotsedwa ntchito chifukwa cha HIV. Achimwene, lembani tsiku limene anakutengani magazi, amene anatenga, ndi amene munamva akunena za inu. Kalaliki kapena wachipatala amene amatulutsa nkhani ya fayilo ya munthu ali ndi mlandu.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera kwa mayi. Akuti: "Amuna anga anasankhidwa kupita kukosi. Asiya mankhwala kunyumba, akuti kumeneko amagona ambiri m'chipinda chimodzi ndipo zikwama zimasechedwa. Akuti akayambiranso akabwera. Botolo lili pano, ndikuliyang'ana. Nditani?"

LOYA: Mayi, kalata yanu yandikhudza kuposa onse, ndipo pano ndiyamba ndaika malamulo pambali. Aimbireni foni lero lomwe, musadikire Loweruka. Munthu akasiya ma ARV, tizilombo timabwerera m'magazi pa masabata owerengeka chabe. Chitetezo chimatsika pa nthawi imene thupi likupanikizidwa kwambiri: kuthamanga ndi katundu kumsana, kugona pang'ono, kunyowa ndi mvula. Ndiye chimene akuopa chija, choti anthu adziwa, chikhoza kubwera kudzera pa kudwala. Kumwa modumphadumpha kungachititsenso kuti mankhwalawo adzasiye kugwira bwino ntchito. Ndipo akabwerera kunyumba tizilombo titachuluka, inunso muli pachiopsezo, ngati mulibe kachilombo.

Musawakalipire, chifukwa mantha awo si opeka. Aona zimene zachitikira anzawo ngati sajeni uja. Koma njira zilipo. Pitani kuchipatala kumene amalandirira mankhwala, mukafotokozere namwino kapena kilinishani amene amawathandiza. Anthu amenewa amakumana ndi za mtunduwu kawirikawiri, kwa ana asukulu zogonera komweko, madalaivala a mathiraki, ndi ena oyendayenda. Akakulangizani momwe angasungire mankhwalawo osaonekera kwa aliyense komanso osaonongeka, ndi nthawi yabwino yomwera. Ngati kuwatumizira botololo kukuvuta, amuna anu angathe kupita pachipatala cha boma chapafupi ndi kumene ali, n'kunena nambala yawo ya ma ARV, kuti awathandize. Ngati padutsa kale masabata angapo, akanene zoona kwa dokotala, kuti pa nthawi yake adzawayeze kuchuluka kwa tizilombo. Wina akakapeza botolo posecha n'kuyamba kulalika, kapena akakawachotsa pakosipo chifukwa cha botololo, mudzatilemberenso, tidzakuuzeni koyambira. Koma usiku uno amwe mankhwala, mayi, kapena mawa likamalowa dzuwa akhale atawapeza.