Usasiye Mankhwala Chifukwa Choti Ukupeza Bwino

Mphwanga, ndamva kuti kuchipatala akupeza ndi BP, ndipo chakudandaulitsa kwambiri n'chakuti sunakwanitse n'komwe zaka 40. Ukuti amenewa ndi matenda a agogo ndi a mabwana a mimba zikuluzikulu. Ayi ndithu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi magazi ake amathamanga mopyola muyeso, ndipo ambiri sankadziwa. Iwe wadziwa usanagwe. Ine mankhwalawa ndamwa kwa nthawi yaitali, ndipo ena amene tinkakhala nawo pa benchi podikira kuyezedwa ndinawaperekeza kumanda. Ndiye undimvere.

BP sipweteka. Malungo amakugoneka, dzino limakulanda tulo, koma munthu amatha kulima ndime yonse n'kupalasa njinga mpaka kumsika, chonsecho makina a nesi akuonetsa 170/100. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthawi yonseyo mtima ukupopa movutikira mpaka umakula n'kutopa, timitsempha ta mu impso ndi m'maso tikuwonongeka pang'onopang'ono. Tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka. Timangomva kuti uje wagwa kubafa, pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi. Pamudzi anthu amayamba kuyang'anana, kufuna amene walodza.

Mankhwala a malungo umamwa masiku atatu n'kuthana nazo. A BP sali choncho. Kam'bulu kamene wamwa lero kagwira ntchito ya lero, mawa pafunika kena. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri nesi adzamwetulira n'kukuuza kuti yatsika, ili pansi pa 140/90, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Amati ndachira, botolo n'kuliponya m'sutikesi. Yatsika chifukwa ukumwa. Ukasiya idzakweranso osakuuza. Ngati mlingo uyenera kuchepa, auchepetse dokotala atakuyeza. Makamaka atenolol ndi woopsa kumusiya mwadzidzidzi, mtima umatha kuyamba kugunda mothamanga ndi kupweteka pachifuwa.

Adzabwera okukonda, wina ndi adyo, wina ndi mandimu kapena ufa wa chammwamba. Idya ngati ukufuna, koma zimenezo sizilowa m'malo mwa mankhwala. Wina adzakuuza kuti utaye mapiritsi poonetsa chikhulupiriro. Ine ndimapemphera m'mawa uliwonse, ndikatha ndimamwa mankhwala anga. Wokuuza kuti utaye sadzabwera kudzakutembenuza pamphasa kapena kukunyamula kupita kuchimbudzi. Adzachita zimenezo ndi mkazi wako.

Uloweze dzina la mankhwala ako ndi mlingo wake. Kunena kuti "ndimamwa toyera ting'onoting'ono" sikuthandiza dokotala, toyera tilipo tambiri. Buku lako la kuchipatala uziyenda nalo. Mankhwala alionse ali ndi khalidwe lake: hydrochlorothiazide, uja amangoti HCTZ, amakodzetsa, n'chifukwa chake amamwa m'mawa kuti usamadzuke usiku. Amlodipine amatupitsa ena mapazi. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kokanda pakhosi, ndipo ngati milomo, lilime kapena nkhope zatupa, usadikire kuti kuche, pita kuchipatala nthawi yomweyo. Uwauzenso alongo ako kuti enalapril samwa mayi woyembekezera chifukwa amavulaza mwana m'mimba. Kuli ena monga methyldopa ndi nifedipine amene amaperekedwa kwa amayi apakati.

Pali china chimene amuna timachita nacho manyazi. Mankhwala ena amachepetsa mphamvu za m'banja, ndipo mwamuna amangosiya kumwa mwakachetechete, mkazi wake osadziwa, dokotala osadziwa. Usatero. Tseka chitseko cha chipinda choyezera, unene mosabisa. Dokotala anamva kale zoterezi kwa anthu ambiri, ndipo angathe kukusinthira. Dziwanso kuti BP yosasamalidwa nayonso imafooketsa mwamuna, popeza imawononga mitsempha ya magazi thupi lonse.

Sankha nthawi imodzi, uimangirire ku chinthu chomwe umachita tsiku lililonse, kaya kutsuka m'kamwa kaya tiyi wa m'mawa. Ukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwa. Ukakumbukira nthawi ya mlingo wotsatira itayandikira, usaphatikize iwiri. Usadikire kuti m'botolo mutheretu. Kuchipatala cha boma nthawi zina amakuuza kuti mankhwala kulibe, choncho pita kukadali a sabata imodzi, ndipo uzisunga kandalama kapadera kogulira kufamase. Usabwereke a mnzako ngakhale akufanana maonekedwe.

Samala ndi mankhwala a ululu ogula pa okala. Brufen, diclofenac ndi Indocid amakweza BP ndipo amalemetsa impso. Mutu ukapweteka, Panado ndiye wabwinoko. Za mchere, a WHO amati munthu asapyole magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Ife timathira mumphika, n'kuwazanso pambale tisanalawe, osawerengera tchipisi, nyama yootcha yosunsa mumchere, soda wa m'therere ndi timatumba ta zokometsera. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa. Fodya usiyiretu, mowa uchepetse kwambiri.

BP imayenda m'magazi a pabanja. Tsiku lako lobwerera kuchipatala likakwana, uwatenge mayi ako ndi achimwene ako aakulu akayezetse nawo. Akakana ponena kuti sakumva kupweteka paliponse, uwauze kuti iwenso sunkamva.