KUPIMA MPHAMVU ZA DZANJA NDI KAIMIDWE KA MUNTHU

Anthu ambiri akafika pa chipatala amadziwa kale kuti akwera pa sikelo ndiponso apimidwa kuthamanga kwa magazi. Koma pali zopima zina ziwiri zosadziwika kwenikweni m'midzi ngakhale sizilira ndalama zambiri: kupima mphamvu imene dzanja lili nayo pofinya chinthu, ndi kuona ngati munthu angathe kuima ndi kuyenda osadzandira. Zopima zimenezi zimathandiza anthu a magulu awiri osiyana kotheratu, odwala nyamakazi ndi ochita masewera.

Nyamakazi ilipo ya mitundu yambiri, koma iwiri ndiyo imatchulidwa kawirikawiri. Mtundu wina umadza chifukwa cha kuperepeseka kwa molumikizana mafupa, makamaka m'maondo, m'chiuno ndi m'zala za anthu achikulire. Bungwe la World Health Organization linanena kuti m'chaka cha 2019 anthu 528 miliyoni pa dziko lonse anali ndi mtundu umenewu. Mtundu winawo umatupitsa mfundo za zala za manja onse awiri, kotero kuti wodwala amadzuka m'mawa manja atauma gwa kwa ola lathunthu kapena kuposerapo. Umenewu unagwira anthu 18 miliyoni, ndipo mwa khumi alionse, asanu ndi awiri anali amayi.

Choipa cha matendawa ndi chakuti amadya mphamvu pang'onopang'ono ngati chiswe. Mayi amayamba wasiya kusinja, kenaka kufinya zovala pochapa, kenakanso mthiko aupereka kwa mdzukulu. Apabanja amangoti ndi ukalamba. Dokotala akafunsa, mayiyo mwa ulemu wake amayankha kuti akupezako bwino. Zoona zake zimadzaoneka tsiku limene mphika wa phala lamoto wapulumuka m'manja, kapena pamene wagwa pobwera kuchitsime ndi kuthyoka fupa la m'chiuno. Nambala yolembedwa m'kabuku ka kuchipatala ilibe ulemu wotere. Ikatsika, yatsika.

KAPIMIDWE KA DZANJA

Chida chake amachitcha dynamometer, ndipo chotchuka ndi cha dzina loti Jamar chimene chinayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1954. Wopimidwa amakhala pa mpando, chigongono atachipinda ndi kuchigunditsa m'nthiti, ndipo amafinya chidacho ndi mphamvu zake zonse. Amachita zimenezi katatu dzanja lililonse, akupumula pakati. Chidacho chimaonetsa makilogalamu. M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Ulaya anagwirizana kuti bambo wosafika makilogalamu 27, kapena mayi wosafika 16, ndiye kuti minofu yake yafooka. Manambala amenewa anawapeza popima anthu akwawo komweko, choncho sayenera kuopsa munthu wa kuno. Chofunika kopambana ndicho kuyerekeza nambala ya lero ndi imene munthu yemweyo anapeza ulendo watha.

Chipatala chaching'ono chopanda chida chimenechi chisataye mtima. Kuyambira kale madokotala a nyamakazi akhala akugwiritsa ntchito makina opimira kuthamanga kwa magazi, aja opopa ndi dzanja. Lamba wake amamupindapinda, ndi kumupopa pang'ono mpaka muvi ufike pa 20, kenaka wodwala amafinya lambayo ndipo alemba pamene muvi wafika. Lambayu ngwofewa, motero sapweteka zala zotupa monga chimachitira chida chachitsulo. Koma manambala ake si makilogalamu, ndipo ali ndi tanthauzo pokhapokha makina ali omwewo ulendo uliwonse. Nthawi nayonso ikhale yofanana, pakuti dzanja la nyamakazi m'mamawa ndi losiyana ndi dzanja lomwelo masana.

Mphamvu ya dzanja imanena zambiri za thupi lonse. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2015, wa anthu pafupifupi 140,000 a m'maiko 17, anapeza kuti anthu ofooka manja ankamwalira msanga kuposa anzao, ndi matenda a mtima komanso matenda ena.

KAIMIDWE NDI KAYENDEDWE

Kuti munthu aime osagwa, zinthu zitatu zimathandizana: maso, ziwalo za m'kati mwa khutu, ndi mitsempha ya m'mapazi ndi molumikizana mafupa imene imauza ubongo pamene mwendo waponda. Nyamakazi ya m'maondo imasokoneza chachitatuchi, ndiponso imafoola minofu ya ntchafu.

Popima pamafunika mpando ndi wotchi basi. Wodwala amadzuka pa mpando, ayenda mamitala atatu, atembenuka, abwerera ndi kukhalanso pansi. Njira imeneyi inalembedwa ndi madokotala a ku Canada m'chaka cha 1991. Wachikulire amene watenga masekondi 12 kapena kuposerapo ali pa ngozi ya kugwa. Njira ina ndiyo kuima ndi mwendo umodzi kwa masekondi 10. Ku Brazil anapima motere anthu 1,702 a zaka za pakati pa 51 ndi 75, ndipo mmodzi mwa asanu alionse analephera. Nkhalamba isayesere zimenezi payokha kunyumba. Pakhale khoma pafupi ndi munthu wina woigwira.

ANYAMATA NDI ATSIKANA A MPIRA

Osewera mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye amabinya akakolo kawirikawiri. Ululu ukatha amathamangira kubwalo, osadziwa kuti mitsempha ija youza ubongo za kapondedwe imachedwa kuchira, ndipo nchifukwa chake phazi lomwelo limabinyanso. Powapima amajambula mizere pansi. Wosewera amaima ndi mwendo umodzi ndi kutambasula winawo kutsogolo ndi cham'mbuyo mbali zonse ziwiri mpaka pamene angafike osagwa, kenaka asintha mwendo. Ku America m'chaka cha 2006 anapeza kuti ana a sukulu osewera basketball amene miyendo yao inasiyana ndi masentimitala oposa 4 potambasulira kutsogolo ankavulala kwambiri kuposa anzao. Mphunzitsi wa masewera amene ali ndi choko ndi tepi ya telala angathe kupima yekha asanabwezere mwana m'bwalo.

Wodwala nyamakazi amene manambala ake akutsika amaonedwanso mankhwala ake, ndipo amaphunzitsidwa mafizo, monga kufinya nsalu yonyowa m'madzi ofunda, kapena kudzuka ndi kukhala pa mpando kangapo patsiku. Ndodo yoyendera aigwire ndi dzanja la mbali imene bondo lili bwino. Kutema mphini sikubweza mphamvu, kumangoonjezera zilonda.

Kufooka kwina si kwa nyamakazi ai. Dzanja limodzi likafooka mwadzidzidzi, pakamwa papotoka kapena mawu sakumveka, imeneyo ingakhale sitiroko ndipo wodwala apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Zala zofooka zochita dzanzi, pamodzi ndi mawanga otuwa osamva kukhudza pa khungu, zingakhale khate, limene mankhwala ake ngaulere. Bondo limodzi lotupa, lotentha, munthu ali ndi malungo, nalonso lisagone kunyumba.