Phunziro la Mwezi Uno: Tidinde Zithunzi Zathu Tisanazitumize

Tikamapita ndi mbale ndi mapoto athu ku ukwati kapena pamaliro, timayamba talemba dzina ndi penti kunsi kwake kuti zisasokonekere. Masiku ano tili ndi katundu wina amene amachoka m'manja mwathu tsiku ndi tsiku wopanda dzina: zithunzi za m'foni.

Ambiri a ife timasoka, timaluka, timaphika makeke, ndipo timajambula ntchito yathu n'kuika pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti tipeze ogula. Chithunzi chikangotuluka, aliyense angathe kuchisunga n'kuchitumiza kwina. Munthu wachinyengo angathe kuonetsa diresi limene tinasoka ngati lake, n'kulandira ndalama za anthu pafoni, kenaka n'kuzimitsa nambala. Wina angatenge chithunzi cha gulu lathu tikuchezera odwala n'kumapemphera nacho thandizo lolowa m'thumba mwake. Pamapeto pake mbiri imene imaipa ndi yathu.

Kodi chidindo cha pachithunzi n'chiyani?

Pa Chingerezi amati watermark. Ndi dzina kapena chizindikiro choonekera mkati chimene chimaikidwa pamwamba pa chithunzi kusonyeza mwini wake. Luso limeneli si lachilendo. Opanga mapepala a ku Fabriano, m'dziko la Italy, analiyamba cha m'ma 1280 pofuna kuti pepala lawo lidziwike. Tikatenga ndalama yapepala n'kuiunika padzuwa, timaona chithunzi chobisika mkati mwake: nzeru yake ndi yomweyo. Mafoni ena, monga a Tecno, amalemba okha dzina la foni m'munsi mwa chithunzi. Chimenecho ndi chidindo ndithu, koma chimatchukitsa kampani, osati ife.

Tingadinde bwanji?

1. Titsegule chithunzi mu pulogalamu yolembera pazithunzi, monga Snapseed kapena Canva.
2. Tilembe dzina la gulu kapena la bizinesi yathu, ndi chaka.
3. Tichepetse kuwala kwa malembawo kuti aziwerengeka koma asabise katundu.
4. Tiwaike chapakati, modutsa pa diresi kapena pa keke penipeni. Chidindo cha pakona n'chosavuta kudula.
5. Tisunge chodindidwacho pachokha. Chithunzi choyamba, chosadinda, chikhale m'foni kapena pa kompyuta, chifukwa ndicho umboni wathu pakabuka mkangano.

Tidziwenso kuti chithunzi chimakhala ndi mbiri yobisika, monga tsiku limene chinajambulidwa ndi mtundu wa foni. Tikachitumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, mbiriyi imafufutika ndipo chithunzi chimachepetsedwa. N'chifukwa chake dzina looneka ndi maso lili lofunika: limayenda ndi chithunzicho kulikonse.

Chidindo si loko

Tisadzinamize kuti tikadinda ndiye kuti tatha. Alipo mapulogalamu ofufuta zidindo. Mu 2017 akatswiri a ku Google anaonetsa kuti chidindo chikakhala chofanana ndendende pa zithunzi zambiri, kompyuta imatha kuchizindikira n'kuchichotsa. Choncho tizisinthako kaonekedwe kake. Ngakhale zili choncho, wakuba amakonda chosavuta. Akaona dzina pakati pa chithunzi, kawirikawiri amapita kwina.

Chidindo sichitchinjirizanso munthu amene ali pachithunzi. Tisanaike chithunzi cha mnzathu, cha wodwala kapena cha mwana, tipemphe chilolezo kwa iye kapena kwa makolo. Pa chithunzi cha mwana tisalembepo dzina lake, sukulu kapena mudzi. Zithunzi zina n'zoyenera kungokhala m'banja.

Nanga malamulo akuti chiyani?

Ku Malawi lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso. Chidindo sindicho chimatipatsa umwini, chimangouonetsa poyera. Lamuloli limatimanga ifenso. Wojambula akatitumizira zithunzi za ukwati zokhala ndi dzina lake kuti tisankhepo, tisadule dzinalo pothawa kulipira. Nayenso amadyera momwemo. Ndipo tisatenge keke ya mayi wina pa intaneti n'kumaitsatsa ngati yathu, pakuti wogula akadzaona kusiyana sadzabweranso.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi zithunzi ziti za gulu lathu zimene zili kale m'manja mwa anthu popanda dzina?
2. Tigwirizane: ndi mawu ati amene tizilemba pa zithunzi zathu zonse?
3. Ndani pakati pathu, kapena mwa atsikana athu, angaphunzitse anzake kudinda?

Pa msonkhano wotsatira aliyense amene ali ndi foni yojambula abwere nayo, ndipo tidzadinde chithunzi chimodzi chimodzi tonse pamodzi.