Za Mlandu wa pa Msewu ndi Kakalata ka Apolisi

Kale anthu a kumudzi sanali kuvutika ndi malamulo a pa msewu, pakuti okhala ndi galimoto anali owerengeka, ndipo ena onse anali kuyenda pansi kapena pa njinga yakapalasa. Lero zinthu zasintha. Mlimi akagulitsa fodya kapena soya agula njinga yamoto, napatsa mwana wake kuti azichita kabaza. Wina agula galimoto yonyamulira tomato ndi mbatata kumka nazo ku msika. Onsewa tsiku lina adzakumana ndi wapolisi atakweza dzanja pa msewu, kaya pa Zalewa, kaya pa Jenda, kaya pafupi ndi kwawo komwe. Chifukwa chake kuli bwino kuti adziwiretu chimene chichitika munthu akapezeka atalakwa, ndi tanthauzo la kakalata kamene apatsidwa.

Lamulo lalikulu la pa msewu m'dziko la Malawi litchedwa Road Traffic Act, ndipo linapangidwa m'chaka cha 1997. Lamuloli silisankha: ligwira lole, minibasi, galimoto yaing'ono ndi njinga yamoto yomwe. Anthu ambiri aganiza kuti njinga yamoto ili ngati yakapalasa, yoti munthu angogula nakwera. Si choncho ayi. Iyenera kukhala ndi nambala ndi inshuwalansi, woyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo iye pamodzi ndi wokwera ayenera kuvala chipewa choteteza mutu. Galimoto iyeneranso kukhala ndi chikalata chosonyeza kuti inapimidwa ndipo ili bwino, chimene madalaivala achitcha COF. Nambala, laisensi ndi COF zichokera ku ofesi ya Road Traffic.

Kulipira ndiko kuvomera

Milandu yambiri ya pa msewu ndi yaing'ono: kuthamanga kupitirira liwiro lolembedwa pa chikwangwani, kudzaza anthu kapena katundu mopyola muyeso, kuyenda ndi matayala akutha, kapena ndi mapepala amene nthawi yake inatha. Pa milandu yotere wapolisi auza woyendetsa chimene walakwa ndi chindapusa chake. Pamenepo munthuyo ali ndi njira ziwiri zoyenera: kuvomera ndi kulipira, kapena kukana kuti mlandu ukalowe m'bwalo.

Chimene ambiri sachidziwa nchakuti kulipira chindapusa ndiko kuvomera mlandu. Munthu sangalipire lero, mawa nkumadandaula kuti sanalakwe. Tsono asanatulutse ndalama m'thumba ayenera kufunsa mwaulemu kuti walakwa chiyani, ndipo wapolisi ayenera kumuuza. Kufunsa si chipongwe. Chipongwe ndicho kutukwana ndi kuloza chala, ndipo zimenezi zingabale mlandu wina woposa woyamba uja.

Wolipira ayenera kulandira lisiti ya Boma, imene anthu aitcha GR. Asaipinde msanga ndi kuiponya m'thumba. Ayambe waiwerenga, kapena apemphe mnzake wodziwa kuwerenga amuwerengere. Aone ngati tsiku lili lomwelo, ngati dzina kapena nambala ya galimoto zalembedwa bwino, ndiponso ngati ndalama zolembedwazo zilingana ndi zimene wapereka. Lisiti imeneyi ndiyo mboni yake yokha yakuti mlandu unatha, kotero aisunge pamodzi ndi mapepala a galimoto monga asungira lisiti ya feteleza wa ngongole.

Koma lisiti siikonza galimoto. Tayala lakutha likhala lakuthabe ngakhale mwini wake walipira. Alipo ena amene ayenda sabata yathunthu akuonetsa lisiti yakale ngati kuti ndi chilolezo choyendera ndi galimoto yoonongeka, ndipo adabwa pamene alipitsidwanso. Tsiku lililonse limene galimotoyo ituluka pa msewu isanakonzedwe, mlandu uyambanso.

Wokana mlandu

Munthu amene akhulupirira kuti sanalakwe ali ndi ufulu wokana, ndipo mlandu wake upita kwa woweruza wa bwalo la majisitireti. Malamulo aakulu a dziko, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, anena kuti munthu woimbidwa mlandu aonedwe ngati wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa, ndi kuti mlandu umveke kwa iye m'chiyankhulo chimene amva. Kotero wosadziwa Chingerezi asaope, pakuti m'bwalo mukhala womasulira. Atenge mapepala ake onse, ndi mboni ngati alipo amene anaona.

Komabe ayambe walingalira bwino. Kupita ku bwalo kudya masiku ndi ndalama zoyendera, makamaka m'nyengo ya kupalira, ndipo woweruza akampeza wolakwa angathe kumlipitsa zoposa zimene wapolisi anatchula. Bwalo lithandiza munthu amene ali ndi chifukwa chenicheni, osati amene angokana chifukwa cha mkwiyo.

Palinso njira zina ziwiri zimene anthu azikonda, ndipo zonse zisandutsa mlandu waung'ono kukhala waukulu. Yoyamba ndiyo kangachepe, ndalama yopinda imene iperekedwa mobisa popanda lisiti. Woipereka aganiza kuti wachenjera chifukwa wapereka zochepa. Koma lamulo loletsa ziphuphu, Corrupt Practices Act la m'chaka cha 1995, ligwira onse awiri, wolandira ndi wopereka yemwe, ndipo chilango chake chingakhale ndende. Taonani tsono: munthu amene mlandu wake unali wa tayala asanduka wa mlandu wa ziphuphu. Ndiponso alibe kalikonse kosonyeza kuti analipira, mwakuti pa malo ena otsatira adzaimitsidwanso chifukwa cha tayala lomwelo. Wopemphedwa ndalama popanda lisiti angathe kukadandaula kwa mkulu wa polisi ya dera lake kapena ku bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Yachiwiri ndiyo kunyalanyaza samani. Munthu akapatsidwa kalata yomuitana ku bwalo, nthawi zina aiika pa denga nanena mumtima kuti kumudzi kuno ndani adzandipeza. Akuluakulu anati mlandu suola. Tsiku likafika iye osaoneka, woweruza angathe kulemba chikalata choti amangidwe, ndipo apolisi adzamtenga kulikonse kumene adzampeze, kaya pa msika, kaya pakhomo pake ana akuona. Pamenepo agona m'chitokosi. Lamulo linena kuti womangidwa aonekere ku bwalo asanathe maola 48, koma pempho lake la belo likhala lovuta, pakuti waonetsa kale kuti sabwera akaitanidwa. Wodwala kapena wogwa m'maliro atumize mbale wake kwa kalaliki wa bwalo tsikulo lisanafike, atanyamula kalata ya kuchipatala ngati ilipo. Chimodzimodzinso chindapusa chimene bwalo lagamula: wolephera kulipira angathe kukagwira ukaidi m'malo mwake.

Milandu yaikulu

Ilipo milandu ina yolemera: kuyendetsa munthu ataledzera, kuyendetsa mosasamala konse, kupweteka kapena kupha munthu, ndi kuthawa pa malo a ngozi. Pa milandu yotere bwalo lingathe kulanda laisensi kwa nthawi, kugamula chindapusa chachikulu, kapena kutumiza munthu ku ndende. Wochita ngozi ayenera kuima, kuthandiza wopwetekedwa ndi kudziwitsa apolisi msanga. Ngati anthu asonkhana ndi ukali ndipo aopa kuti ampweteka, apite molunjika ku polisi yapafupi, osati kunyumba kwake.

Apa ndi pamene makolo ayenera kumvetsetsa. Chindapusa chipita ku Boma. Kawirikawiri wopwetekedwa salandirako kanthu. Iye kapena abale ake angathe kusuma mlandu wina wofuna chipukuta misozi. Ngati njinga kapena galimoto inali ndi inshuwalansi, kampani ya inshuwalansi ithandiza kulipira. Ngati inalibe, ndalamazo zifunidwa kwa woyendetsa, ndipo kawirikawiri kwa mwini wake yemwe, mwakuti banja lingagulitse ng'ombe, mbuzi ndi chimanga cha m'nkhokwe chifukwa cha ngozi ya tsiku limodzi. Bambo amene anagula njinga yamoto napatsa mwana wopanda laisensi sangadzitchinjirize ponena kuti iye anali kumunda, pakuti kulola munthu wopanda laisensi kuyendetsa ndi mlandu pa wokha.

Munthu amene ali pa mlandu waukulu ndipo alibe ndalama zolipira loya apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene Boma linaika kuti izithandiza osauka pa milandu. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti angathe kuchita apilo ku Bwalo Lalikulu, koma masiku ochitira apilo ndi owerengeka, kotero afunse kalaliki wa bwalo tsiku lomwelo la chigamulo asanakwere galimoto yobwerera kwawo.